Duwa Lachisanu ndi Chiwiri

Buku lija tinaliyamba chifukwa cha m'mimba mwa Nevena.

Nevena ndi mwana wa mlongo wanga Lyuben. Chaka chimenecho anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ali m'kalasi yoyamba. Nthano ankawerenga mosadodoma ngati wa pa wailesi, koma tsiku la masamu m'mimba munkayamba kumupota akadali pa masitepe a nyumba, ndipo kawiri konse anasanzira nsapato za aphunzitsi. Sanali wouma mutu ayi. Kungoti ukamufunsa kuti zitatu kuphatikiza zinayi ndi zingati, maso ankangoti tong'o, thukuta lili kamukamu m'manja, mpaka wofunsawe unkayamba kudziona ngati mfiti.

Amayi ake, mlamu wanga Zlatka, ankagwira ntchito ku nyumba yobwereketsa mabuku a ana muno mumzinda wa Sliven. Ine Boyka ndimajambula zithunzi za m'mabuku a ana, ntchito imene abale anga amaitchula motsitsa mawu ngati nthenda yochititsa manyazi. Sindinakwatiwe, ndilibe mwana, ndipo nyumba yanga ili pamwamba pa ya Lyuben. Ndiye Nevena anakulira pa masitepe a pakati pathu, uku akakalipiridwa n'kuthawira uku.

"Alamu," anatero Zlatka tsiku lina tikuchapa malaya a mwanayo, "mantha amenewa tiwaseke mpaka achite manyazi. Ine ndilemba mawu, inu mujambule."

Tinapanga kamtsikana kosapesa tsitsi, dzina lake Tota, kamene manambala ankakaluma m'zidendene. Nambala 8 anali wapolisi wonenepa womanga lamba mothina. Nambala 0 anali kamwa lokhalokha, lili yasaa. Nambala 7 anali mayi wa mphuno yaitali, ndipo Nevena atangomuona anakuwa kuti, "Awa ndi azakhali!" Sindinakane. Mphuno iyi ndi ya malemu bambo athu, ndipo imalowa m'nyumba ine ndikadali panja.

Pa tsamba lina Tota anatumidwa mazira khumi, iye n'kubwera atakumbatira tsekwe, ati tsekwe ndi mmodzi, savuta kuwerenga. Pa tsamba lina aphunzitsi atamufunsa samu, anathawa n'kukalowa mumgolo wa kabichi wothira mchere, nsapato zokha zikuoneka. Nevena ankaseka mpaka kugwa pampando. Koma tsamba limene linamugwira mtima linali la masokosi. Tota wayanula masokosi, manambala amuzungulira akukukuta mano, iye n'kungoyamba kuwaika awiriawiri pabedi. Awiri, awiri, awiri. Sokosi imodzi n'kutsala yopanda inzake, itavala chipewa, ikupita kukafunsira banja. Kuyambira pamenepo Nevena anayamba kuika zinthu ziwiriziwiri: masupuni, mabatani, ngakhale alendo akabwera ankawasuntha mipando.

Zlatka anayamba kudwala mu Januwale. Pofika Epulo anali m'chipatala, ndipo madokotala anali atasiya kutiyang'ana m'maso. Buku linali litatsala masamba awiri.

Loweruka lina, tsiku lokazonda amayi ake, Nevena analawirira kukadula maluwa ofiira m'kadimba ka kuseri kwa nyumba, amene amayi ake anabzala asanadwale. Kuno mwana amadziwa za maluwa asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Wamoyo umamupatsa atatu, asanu, asanu ndi awiri, kuti ukawaika awiriawiri patsale limodzi. Okwana awiriawiri ndi a kumanda. Ndiye kwa Nevena amenewa anali mayeso enieni, oposa a kusukulu. Anawayala patebulo la kukhitchini, lilime lili panja.

"Awiri. Awiri. Awiri. Ndi limodzi lotsala." Anapuma kaye. "Asanu ndi awiri, azakhali!"

"Wabwereza?"

"Katatu. Ndipo m'mimba simukupweteka."

Ndinawakulunga m'nyuzipepala. Lyuben anali atandiimbira foni kuchokera kuchipatala m'mawa womwewo. Dokotala anamuuza kuti tiziganiza za masabata, osati miyezi. Mwanayo sindinamuuze.

M'basi munadzaza, ndipo bambo wina wa thumba la mbatata anatikanikizira pachitseko ulendo wonse. Titafika pakhomo la chipatala, Nevena anandipatsa maluwawo n'kuthamangira kuchimbudzi. Ndinaona kuti duwa limodzi lathyoka khosi, mutu uli lende. Wodwala sumupatsa duwa lothyoka. Ndinalisolola n'kuliponya m'bini ya zinyalala ya pakhomopo. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndakhala m'dziko lino, ndapereka maluwa kwa aphunzitsi, kwa akwati, kwa akufa, koma tsiku limenelo mutu wanga unali pa mawu a dokotala. Sindinawerenge.

M'chipinda cha Zlatka munali mabedi anayi. Pabedi la pawindo panali agogo Stoyka, nkhalamba yodwala shuga. Analibe wodzawazonda, ndiye ntchito yawo inali kuwerenga alendo a anzawo ndi zimene abweretsa. Lyuben anali atakhala kumiyendo kwa mkazi wake.

"Amayi, ndawerenga ndekha!" anatero Nevena asanapereke n'komwe moni. "Ngati masokosi a Tota!"

Zlatka anamasula nyuzipepala pang'onopang'ono, poti zala zake zinali zitatha. Asananene kanthu, agogo Stoyka anali atasuzumira kale, chala chili m'mwamba.

"Limodzi, awiri, atatu, anayi, asanu, asanu ndi limodzi. Aaa! Mwana iwe, amako akupuma, iwe wayamba kale kuwaika m'manda? Kusukuluko mumakatani ana inu?"

"Agogo, pakamwa panupo!" anatero Lyuben.

"Ine ndangowerenga, bambo. Kuwerenga kwasanduka mlandu?"

Zlatka anaseka, nasolola limodzi n'kulisomeka kukhutu. "Ili lalowa m'malo mwa tsitsi langa lija. Atsala asanu, agogo, gonani."

Koma Nevena analichotsa kukhutuko, nawayala onse pabulangete. Awiri. Awiri. Awiri. Anakutumula nyuzipepala. Anagwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Azakhali, anali asanu ndi awiri. Si choncho? Munaona inu."

Apa ndiye pamene ndinalakwa zenizeni, osati pa bini paja. Maso a nkhalamba ija anali pa ine, a Lyuben pa ine, odwala ena awiri atatchera makutu. Ndikanati ndine, bwenzi ndili ine mayi wa imvi amene wabweretsera mlamu wake maluwa a maliro, ndipo Sliven yense akanamva dzuwa lisanalowe. Ndinachita mantha, basi, palibe dzina lina. Ndinadziuza kuti mwana aiwala pofika mawa.

"Mwina unasokoneza pang'ono, mwanangu," ndinatero. "Palibe kanthu. Aliyense amasokoneza."

Nevena anagwira pamimba.

Lachitatu lotsatira ndinapita ndekha kukamuona Zlatka. Nkhalamba ija inali mtulo, kukamwa kuli yasaa. Mpata unalipo, wonse wathunthu.

"Alamu," anatero Zlatka, mawu ali apansipansi, "Nevena wakhumudwa ndi maluwa aja. Musamukakamize za masamu. Mutu wake sunakonzekere, ukonzeka nthawi yake. Mudzamuuze kuti ine sindinadandaule kuti anasokoneza."

Ndinagwedeza mutu, n'kuyamba kumusendera lalanje limene sakanatha kudya.

Anamwalira patapita masiku khumi ndi limodzi kuchokera pa Loweruka lija.

Pamaliro mwanayo sanalire. Anaima pambali pa bokosi akuyang'ana m'manja mwa anthu. Aliyense ankabwera ndi maluwa awiri, anayi, asanu ndi limodzi: aphunzitsi ake, anzake a Zlatka a kuntchito, ngakhale dokotala wa mano wa pansi pathu amene sakhulupirira n'komwe kuti kuli Mulungu. Tsiku lotsatira Lyuben anamukhazika pamwendo n'kumufotokozera kuti maluwa sapha munthu, yapha amayi ndi khansa, za manambalazo ndi zonena za nkhalamba. Nevena anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

"Nanga inu ababa munaika angati?"

Lyuben anali ataika awiri. 

Zinayamba ndi chikepe cha m'nyumba mwathu. Nevena anakana kudina batani, nayamba kukwera masitepe atatseka maso kuti asaone manambala a pa zitseko. Kenako anafunditsa wotchi ya kukhitchini ndi kansalu kopukutira mbale. Kusukulu, nthawi ya masamu ikakwana, ankaika manja kunsi kwa ntchafu, ndipo aphunzitsi, pokumbukira nsapato zawo, anamusiya. Zimenezo tikanapirira. Koma anasiyanso kudya chilichonse chowerengeka. Buledi wodula ayi. Mbatata ayi. Nyemba, zimene ankazikonda kuposa nyama, ankangoziyang'ana, poti m'mbalemo zikhoza kukhala zokwana ziwiriziwiri, ndipo iye sangadziwe, chifukwa iye sadziwa kuwerenga. Ankangomwa chambiko ndi msuzi wosefa. Pofika sabata yachinayi siketi ya sukulu inkamuvuka, ndipo ndinaibweza ndi phini.

"Ndikasokonezanso, afa ndi ababa," anandiuza tsiku lina ndikumupesa, mawu ali phee ngati akunena za mvula.

Lyuben anapita naye kwa dokotala wa ana, amene anamupima n'kunena kuti m'thupi mulibe vuto. Pobwera kumeneko mlongo wangayo anakwera kwanga, nakhala pa mulu wa mapepala anga osafunsa.

"Achemwali, mwanayu akutha ine ndikuona. Mkazi ndataya, ndiye nditayenso uyu? Inu amakumverani. Muuzeni chinachake."

Ndinati ndimuuza. Tsiku lililonse ndinkati ndimuuza mawa, ndipo ndikudziwa, pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinkatsika masitepe mawu ali pakamwa, koma ndikafika pakhomo, mwanayo n'kunditsekulira ndi timanja take towonda tija, ndinkangofunsa ngati ali ndi mchere. Mwezi umenewo ndinabwereka mchere kasanu. Ndinkadana nazo zimene ndinkachitazo, koma ndinkaopa kwambiri kutaya mwana yekhayo amene ankathamangira kwa ine.

Pachitseko chachikulu cha nyumba tinali titamata pepala lolengeza maliro, la chithunzi cha Zlatka. Sabata yachisanu Lyuben anamata lina, loitanira anthu ku mapemphero a tsiku la makumi anayi chimwalirireni mkazi wake, nambala 40 ili bii pamwamba. Sabata yomweyo anaimba foni bambo wa ku kampani yosindikiza mabuku, munthu wabwino koma wothamanga magazi. Anapepesa maliro bwinobwino, kenako anatsokomola.

"Mayi Boyka, atsala masamba awiri okha. Malemu akanakonda kuti lituluke. Mutsirize ndi chinachake choseketsa kwambiri, ana atseke buku akugudubuzika."

Ndinakhala patebulo langa kuti ndijambule choseketsacho. Dzanja linajambula zina. Pakamwa panga ndi pa mantha, koma dzanja ili silinaphunzire kunyengerera munthu, ngakhale mwini wake.

Kutatsala tsiku limodzi kuti akwane makumi anayi, ndinali kukhitchini kwa Lyuben ndikuwiritsa tirigu wokagawa kumanda. Lyuben anali atapita kwa wansembe ndi kukagula makandulo. Nevena anakhala pampando wa pakona atafulatira poto, poti tirigu nayenso ndi wowerengeka.

"Ndajambula tsamba latsopano la Tota," ndinatero. "Ulione."

"Za manambala sindifuna, azakhali."

"Muli nambala imodzi yokha. Umaidziwa."

Ndinaliika pamiyendo pake. Pa chithunzipo panali khomo la chipatala. Tota ankaoneka msana wokha, akuthamangira kuchimbudzi. Pakati panaima Nambala 7 ndi mphuno yake ija, dzanja lina atagwira nyuzipepala ya maluwa, lina lili pamwamba pa bini. M'binimo munali duwa lofiira lothyoka khosi.

Anayang'ana nthawi yaitali, tirigu akubwata. Kenako chala chinatuluka kunsi kwa ntchafu. Chinagunda maluwa a m'nyuzipepala, awiri, awiri, awiri, milomo ikugwedezeka popanda mawu. Chinatsikira m'bini n'kuima pamenepo.

"Izi ndi za m'buku kapena zenizeni?"

"Zenizeni."

"Munalitaya ndinu?"

"Linathyoka m'basi muja. Ndinalitaya iwe uli kuchimbudzi. Sindinawerenge."

"Ndiye anali asanu ndi awiri."

"Anali asanu ndi awiri. Unawerenga bwino, mwanangu. Katatu konse unawerenga bwino."

Ndinkayembekeza kuti alira, andimenya ndi tizibakera, kenako ndimukumbatira, monga zimathera m'mabuku amene ndimajambula. Sanalire. Anandiyang'ana ndi maso a amayi ake.

"Ndinakufunsani. Amayi akumva. Munati ndasokoneza."

"Ndinatero."

"Munawauza pambuyo pake?"

Ndinakumbukira lalanje lija. "Ayi."

"Ndiye amayi anafa akudziwa kuti ndasokoneza."

Chimenechi m'masiku onsewo sindinachiganizepo. Ndinkaganiza za mbiri yanga, za agogo Stoyka, za siketi yovuka. Sindinaganize kuti samu yoyamba imene mwanayu anaikhoza pa moyo wake, anaikhozera munthu mmodzi, ndipo munthuyo anapita osadziwa.

"Ndiye munawapha ndinu," anatero.

Mawu a Lyuben anali pa lilime langa: maluwa sapha munthu. Ndi zoona, sapha. Koma mwanayu anali atasenza katundu ameneyu yekha masiku onse aja, ndipo sakanamutula pansi popanda wina womulandira. Ndikanayamba kumuphunzitsa za khansa, bwenzi katunduyo akadali pamutu pake.

"Ndine," ndinatero.

Anatsika pampando, natenga mbale, nakaima pafupi ndi poto. Ndinamupakulira. Supuni imene ndinamupatsa anaisiya patebulo n'kukatenga ina. Anadya tirigu wa amayi ake mbale ziwiri, wopanda shuga, osandiyang'ana.

Lyuben analowa makandulo ali m'manja, n'kuima pakhomo. Ataona mwana akutafuna, misozi inangoti mbwembwembwe.

"Achemwali, mwamuuza chiyani? Mulungu akudalitseni!"

Nevena anamupatsa chithunzi chija. Lyuben anachiyang'ana, nayang'ana mphuno yanga. Anaika makandulo patebulo mosamala kwambiri, kenako ananditsekulira chitseko kuti ndituluke.

Kumanda ndinapitabe, poti tirigu ndinaphika ndine. Mphepo ya kumapiri inali itayamba misala yake, makandulo akungozima, wansembe atagwira ndevu ndi dzanja limodzi. Atatsiriza, Nevena anapita patsogolo ndi maluwa amene anadula yekha m'mawa, nawayala pa mtumbira.

"Awiri. Awiri. Awiri. Awiri," anatero mokweza, ngati akulankhula ndi munthu wa m'chipinda china. "Asanu ndi atatu, amayi. Palibe lotsala. Ndabwereza katatu." Kenako anawonjezera kuti, "Ndipo aja anali asanu ndi awiri."

Mphepo inakankha duwa limodzi, n'kugwera pafupi ndi nsapato yanga. Ndinawerama.

"Musakhudze, azakhali," anatero, mwaulemu wake wonse. Analitola yekha.

Buku linatuluka masukulu akutsekulira. Pa masamba omaliza ndinajambula Tota atakwera tsekwe, akuthamangitsa wapolisi 8 amene lamba wake waduka. Akuti ana amaseka kwambiri, ndipo aphunzitsi amandilembera makalata othokoza. Chithunzi cha bini mulibemo. Chimenecho anasunga Nevena, sindikudziwa kuti.

Lyuben anayambanso kundilankhula patapita miyezi itatu. Nevena tsopano ali m'kalasi yachinayi, wanenepa, ndipo pa masamu akuti palibe womuposa. Tikakumana pa masitepe amandipatsa moni wabwino, wonga umene amapatsa dokotala wa mano uja. Akakalipiridwa kwawo sathawiranso kwanga.

Pa tsiku langa lobadwa bambo ake amamutuma ndi maluwa. Sandipatsa m'manja. Amalowa, n'kuwaika yekha m'botolo, n'kuwawerenga mokweza, awiri, awiri, ndi limodzi lotsala. Kenako amatembenuka.

"Asanu, azakhali. Mwaona?"

Ndimayankha kuti ndaona.